Mwana Wanu Akaimba Foni Kuchokera ku Koleji

Tikulankhula kuchokera ku Chainda, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka. Mawu athu lero tawatenga m'buku la Danieli mutu 1, ndipo tidutsanso pa 1 Mafumu mutu 19. Amene muli ndi Baibulo m'nyumba, mukawerenge mitu iwiriyi madzulo ano banja lonse lili pamodzi.

Tikufuna kukamba za ana athu amene ali m'makoleji ndi m'mayunivesite. Ambiri a inu mwaperekezapo mwana kokwerera basi ku Chipata, ku Katete, ku Petauke kapena ku Nyimba, atanyamula chikwama, thumba la ufa ndi kachitini ka chiponde. Munagulitsa soya, munagulitsa mtedza, ena mpaka ng'ombe imene munkalimira. Basi itanyamuka kulowera ku mlatho wa Luangwa, inu munabwerera kunyumba muli ndi chimwemwe, koma mantha nawonso anali pomwepo. Manthawo tikuwadziwa, chifukwa mumatiuza tikakumana pamaliro ndi pamaukwati. Mumati: "Aphunzitsi, kodi mwanayu sakatayika? Timamva kuti sukulu zapamwambazo zimachotsa Mulungu mumtima mwa munthu."

Funso limeneli sitikulipeputsa ayi. Tinagwira choko zaka zoposa 30 tisanapume pantchito, ndipo lero tikutumikira ngati mlaliki wamba mu mpingo wathu wa Anglican. Koma yankho lake sitinalipeze m'kalasi, sitinalipezenso paguwa. Tinalipeza patebulo la m'nyumba mwathu, chaka cha chilala chija, 2024.

Chaka chimenecho tinkakhala ndi mwana wa mlongo wathu, wochokera cha ku Msoro. Anakhoza bwino Giredi 12, napeza malo pa koleji ina muno mu Lusaka. Malo ogona pakolejipo sanapeze, ndalama ya lendi panalibe, choncho anabwera kwa amalume ake ku Chainda. Anali mwana wa kwaya, wosajomba kutchalitchi, amene tsiku limene a bishopu anamusanjika manja amayi ake anapha nkhuku ziwiri. Ankadzuka mbandakucha kukakwera minibasi, n'kubwera dzuwa litalowa. Mukukumbukira momwe zinthu zinalili. Mvula inadula chimanga chili pakati, minda inapserera, boma linalengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo madzi atachepa ku Kariba magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Mwanayo ankawerenga ndi kuwala kwa foni, foniyo ikatha moto n'kuyatsa kandulo.

Patapita miyezi tinaona kuti wayamba kusintha. Kwaya anasiya. Lamulungu likafika ankati zolemba zamuchulukira. Pa mapemphero a madzulo ankangokhala duu, maso ali pansi. Ife mumtima mlandu tinali titaweruza kale: sukulu yamulowa m'mutu. Tinakonzeratu ulaliki wathunthu, ndi mavesi ake omwe, kudikira tsiku lomukhazika pansi.

Koma anayamba ndi iyeyo. Usiku wina magetsi kulibe, anabwera n'kugwada pafupi ndi mpando wathu nati: "Amalume, ndikakuuzani kuti sindikudziwanso ngati ndimakhulupirira, mundibweza kumudzi?" Anafotokoza kuti tsiku lina mphunzitsi wawo ankaphunzitsa za chiyambi cha zamoyo, iye n'kukweza dzanja kufunsa kuti nanga zimene zili m'buku la Genesis zikulowa pati. Mphunzitsiyo anayankha mwachidule kuti m'chipinda chino timakamba zinthu zoyezeka, za tchalitchi mukafunse kutchalitchi. Kalasi yonse inaseka. Wina kumbuyo anamutcha "amayi abusa", dzinalo n'kumukakamira. Kuyambira tsiku limenelo sanakwezenso dzanja, ndipo akagwada kuti apemphere ankangomva kuseka kuja m'makutu.

Ife tinatsegula pakamwa kuti tiyambe ulaliki uja. Amayi akunyumba anatigwira pamkono, nafunsa mwanayo funso limene ife sitinaliganizire n'komwe: "Mwanawe, lero wadya chiyani?" Anakhala chete. "Nanga dzulo masana?" Misozi inayambira pamenepo.

Zimene zinatuluka usiku umenewo ndi izi. Kandalama kamene amayi ake ankamutumizira pafoni kanasiya kubwera, chifukwa kumudzi kunalibe chogulitsa. Ife sanatiuze poona kuti penshoni ya mphunzitsi siifika kutali. Ndalama ya chakudya chamasana ankasindikizira zolemba za kusukulu ndi kugulira intaneti. Masiku ena ankayenda wapansi theka la njira. Analephera mayeso a phunziro limodzi, iye amene kwawo sanakhalepo nambala 2. Anali atatenga kaloba, chiwongoladzanja chikukwera sabata ndi sabata. Ndipo bambo wina wa galimoto, msinkhu wa atate ake, anali atamuimitsa kawiri pamsewu kumuuza kuti mavuto akewo ndi aang'ono, angovomera basi. Pamwamba pa zonsezi, amayi ake akaimba foni mawu anali amodzimodzi: "Limbikira mwanangu, mudzi wonse ukuyang'ana iwe." Iye n'kumayankha kuti zonse zili bwino.

Amayi anakoleza mbaula usiku womwewo, naphika nsima ya kapenta. Ulaliki wathu uja unabwerera m'thumba.

Abale, funso la m'kalasi lija linalipodi, ndipo silinali laling'ono. Koma linagwera munthu wanjala, wotopa, wamanyazi, wopanda womuuza. Mtengo umene chiswe chadya kale m'kati, kamphepo kakang'ono kamaugwetsa, odutsa n'kumati wagwa ndi mphepo. Ife makolo timaopa kwambiri mphepo, chiswe osachiona.

Mulungu wathu amachiona chiswecho. Pa 1 Mafumu 19 tikupeza mneneri Eliya atathawira kuchipululu, atatopa mpaka kupempha imfa pansi pa kamtengo. Uyu ndi munthu amene masiku ochepa m'mbuyomo anaona moto ukutsika kumwamba pa phiri la Karimeli. Taonani zimene Mulungu anachita. Sanayambe ndi kumudzudzula, sanamufunse kuti chikhulupiriro chako chapita kuti. Anamulola kugona. Anatuma mngelo ndi mkate wootcha ndi mtsuko wa madzi. Eliya anadya n'kugonanso, mngelo n'kubweranso kachiwiri ndi chakudya. Kukambirana kunadza pambuyo pake, paphiri la Horebu. Amayi akunyumba aja sanapite ku sukulu ya ubusa, koma usiku uja anatsata njira ya Mulungu kutiposa ife alaliki.

Tsono tiyeni tione moyo umene ana athu akukhala kuno, chifukwa kumudzi timangoona chithunzi cha mwana ataima pa udzu wobiriwira, titero chikomekome cha mkuyu. Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, anthu a ku Zambia amene anali ndi digiri anali pafupifupi 100 okha. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, ndipo anthu wamba m'midzi ndi m'matauni anasonkha nawo kuti imangidwe. Lero ophunzira ndi zikwizikwi. Mukakwera minibasi kuchoka kuno kulowera m'tauni pa msewu wa Great East, mudutsa makoleji ndi mayunivesite angapo musanafike pakati pa mzinda. Kuyambira 2022 sukulu ndi yaulere mpaka Giredi 12, ndiye kuti ofuna kupitiriza achulukirachulukira. Tiyamike Mulungu pa zimenezi. Koma walira mvula walira matope. Zipinda zogona pasukulu sizikwanira, kotero ana amapanikizana angapo m'kachipinda kamodzi, ena amachita lendi ku Kalingalinga, ku Mtendere ndi m'makomboni ena. Thandizo la boma limene kale tinkati basale, kuyambira lamulo la 2016 kwa ambiri ndi ngongole yodzabweza akadzayamba ntchito, ndipo si onse amaipeza. Ndalama ya chakudya ya ophunzira inachotsedwa mu 2019, n'kubwezeretsedwa mu 2023, koma imafika kwa okhawo amene ali pa ngongole ya bomayo. Mwana wa pa koleji yolipira yekha amadalira inu basi. Ambiri amagula ufa wa pamela pa kantemba, wongokwanira nsima ya tsiku limodzi.

Palinso katundu wina wosaoneka ndi maso. Mwana amene kwanu anali woyamba m'kalasi akafika kuno amapeza kuti onse anali oyamba kwawo. Ena amalankhula Chingerezi ngati anabadwa nacho, iye akalankhula amamuseka kamvekedwe. Ena amabwera ndi kompyuta zawo, iye sanaigwirepo. Chovala chake cha salaula chimene kumudzi chinali chapaulendo, kuno akuchita nacho manyazi. Ndiye pafoni pamabwera uthenga woti kubetcha pa mpira kungamupezetse ndalama ya lendi usiku umodzi. Wina amamunong'oneza kuti zolemba zako ndikulembera, ungondipatsa kangachepe. Mayesero a ana athu ambiri ali pamenepa, pa njala, pa manyazi ndi pa njira zachidule.

Tsopano titsegule Danieli mutu 1, pakuti Baibulo lili ndi nkhani ya mnyamata amene anapita ku koleji kutali ndi kwawo. Mfumu Nebukadinezara atagonjetsa Yerusalemu, analamula kuti asankhe anyamata anzeru a mwa Ayuda, awaphunzitse zaka zitatu chinenero ndi mabuku a Ababulo, kuti adzatumikire kunyumba ya mfumu. Sukulu imeneyo sinali ya mishoni. Aphunzitsi ake sankadziwa Mulungu wa Israeli. Ngakhale maina anawasintha: Danieli anamutcha Belitesazara, Hananiya anakhala Sadrake, Misaeli anakhala Mesake, Azariya anakhala Abedinego. Mwana wa mlongo wathu si woyamba kupatsidwa dzina lachilendo m'kalasi. Pa moyo wa anyamatawa titolepo zinthu zinayi.

Choyamba, anaphunzira. Sanakane kulowa m'kalasi poopa kuti mabuku a Ababulo awadetsa. Anawerenga zonse, ndipo Malemba akunena kuti nzeru ndi luso limene anapeza m'maphunzirowo anawapatsa ndi Mulungu. Zaka zitatu zitatha, mfumu itawayesa inawapeza kuti aposa anzeru onse a m'dzikomo kakhumi. Mose naye analeredwa mu nzeru zonse za Aejipito. Inu a ku Msoro muli ndi chitsanzo pakhomo pomwe. Wansembe Leonard Kamungu, amene anabzala mpingo kumeneko ndipo anamwalirira komweko mu 1913, anachoka kwawo kufupi ndi Nkhotakota ali mnyamata, nakaphunzira ku Kiungani pa chilumba cha Zanzibar, pakati pa anthu a chinenero china. Mpingo wathu unabwera ndi tchalitchi, sukulu ndi chipatala pamodzi. Sitingayambe lero kuopa buku.

Pano tinenepo za mphunzitsi uja amene anati m'chipinda chino timakamba zoyezeka. Kuseketsa mwana pamaso pa anzake kunali kulakwa. Koma pa mawu akewo panali choona china. Mu 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mawuwo analowa kumayambiriro kwa malamulo aakulu a dziko mu 1996. Komabe kalasi ya sayansi si tchalitchi. Mumakhala Akhristu, Asilamu, Ahindu ndi ena osapemphera, ndipo ntchito yake ndi kufufuza momwe zinthu zimachitikira. Inu alimi izi mumazidziwa kale. Alangizi a zaulimi akabwera amakuuzani chifukwa chake chimanga chimafuna feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, kutalikirana kwa mapando, ndi tsiku loyenera kubzala. Satchula Mulungu m'phunzirolo, ndipo inu simunena kuti alangiziwa ndi achikunja. Mumatsata malangizo awo, ndipo pokolola mumasenza dengu la chimanga kupita nalo kuguwa pa tsiku la masika. Alangizi anakuuzani momwe mbewu imakulira. Paguwa mumavomereza amene anapereka mbewu, nthaka, mvula ndi inu amene, ndiponso kuti zokololazo muyenera kugawana ndi wamasiye. Mafunso awiriwa sapikisana.

Anthu ambiri a sayansi anakhala ndi zonse ziwiri. Malamulo a momwe mbewu imatengera makhalidwe a makolo ake, amene ali pa phata la mbewu ya haibulidi imene mumagula m'sitolo, anawatulukira ndi Gregor Mendel, wansembe amene ankayesa mbewu za mtundu wa nyemba m'dimba la nyumba ya amonke ku Brno, nalengeza zimene anapeza mu 1865. Mmodzi wa oyamba kuonetsa ndi masamu kuti thambo likufutukuka anali Georges Lemaître, wansembe wa Katolika wa ku Belgium, mu 1927. Mu mpingo wathu womwe munali John Polkinghorne, pulofesa wa fizikisi pa yunivesite ya Cambridge, amene anatula pansi udindowo mu 1979 kukaphunzira unsembe, nakhala wansembe wa Anglican osataya sayansi yake. Sitikunena kuti mafunso onse atha ayi. Tikunena kuti mwana wanu si woyamba kuyenda njira imeneyi, ndipo ena anaiyenda mpaka kumapeto Mulungu osamusiya.

Chachiwiri, Danieli anadziwa poti aime. Dzina lachilendo analilola. Maphunziro anawalola. Koma pa chakudya ndi vinyo wa patebulo la mfumu anatsimikiza mumtima kuti sadzidetsa. Taonani kachitidwe kake. Sanakwere patebulo kulalikira, sananyoze womuyang'anira. Anapempha mwaulemu, ndipo ataona kuti mkuluyo akuopa mfumu anati mutiyese masiku khumi okha ndi ndiwo zamasamba ndi madzi, muone nokha. Ana athu amene mukumva muli m'zipinda zanu, simuyenera kupambana mkangano uliwonse wa m'kalasi kuti mukhale Mkhristu. Lembani mayeso monga mwaphunzitsidwa, pakuti kufotokoza zimene buku likunena si kukana Ambuye. Poima panu pali pena: osagula mayankho, osalembetsa ntchito yanu kwa wina, osagulitsa thupi kuti mupeze lendi kapena malikisi, osaika ndalama ya fizi pa juga. Tebulo la mfumu la masiku ano ndi limenelo. Mnzanu wosapemphera sadzakumbukira kuti munamugonjetsa pa nkhani ya Genesis, koma adzakumbukira kuti munakana kubera mayeso, ndipo munamugawira nsima tsiku limene analibe.

Chachitatu, Danieli sanali yekha. Anali anayi. Mu mutu 2, moyo wawo utakhala pangozi chifukwa cha loto la mfumu, Danieli anapita kunyumba n'kuuza anzake atatu aja kuti apemphe chifundo kwa Mulungu pamodzi. Mutu umodzi susenza denga. Chimene chinatsala pang'ono kugwetsa mwana wa mlongo wathu ndi chakuti ankasenza yekha, ali m'nyumba ya amalume ake, akudya nafe patebulo limodzi. M'makoleji muli magulu a ophunzira achikhristu, monga ZAFES ndi magulu a mipingo yosiyanasiyana. Muno mu Lusaka muli Cathedral ya Holy Cross ndi matchalitchi athu m'makomboni. Koma mwana wamanyazi wochokera kumudzi sadzilowetsa yekha pakhomo. Amafuna womutenga padzanja.

Chachinayi, Danieli anali ndi zenera. Mu mutu 6 timamupeza atakalamba, ali nduna yaikulu, koma m'chipinda chake chapamwamba mazenera anali otsegukira ku Yerusalemu, ndipo ankagwada katatu pa tsiku monga ankachitira kale. Chizolowezi chimenecho sanachiyambe tsiku la mikango. Ana athu, pemphero lanu lisadikire kuti mtima uyambe wafuna. Ngakhale mphindi zisanu m'mawa, Salimo limodzi ndi pemphero limene Ambuye anatiphunzitsa, muli pabedi lapamwamba anzanu akuliza nyimbo. Tsiku limene simukumva kanthu, gwadanibe, mumuuze Mulungu kuti lero sindikumva kanthu. Limenelonso ndi pemphero. Bambo uja wa pa Marko 9 anauza Yesu poyera kuti chikhulupiriro chake n'chosakanikirana ndi kukayika, ndipo Yesu anachiritsa mwana wake.

Tsopano tilankhule ndi inu makolo, ndipo tiyambe ndi kudziulula tokha. Ife aphunzitsi a kale tinalakwira ana. Mwana akafunsa funso lotivuta tinkati wamwano, nthawi zina n'kutenga ndodo. Ku Sande sukulu tinawaloweza mayankho, osawaphunzitsa kuti funso alitengere kuti. Ndiye akafika ku koleji n'kukumana ndi funso loyamba lolimba, amaganiza kuti kufunsako ndi tchimo, amabisa, kenako amachoka mwakachetechete. Chonsecho makolo athu anati safunsa anadya phula. Yesu ali ndi zaka 12 anapezeka m'Kachisi pakati pa aphunzitsi, akumvetsera ndi kuwafunsa mafunso. Tomasi atakana kukhulupirira za kuuka kwa Ambuye, anzake sanamuthamangitse. Patapita sabata anali nawobe m'nyumba, ndipo Yesu anamupeza momwemo. Mwana wokayika amene akadali pakati pathu ali pamalo pamene Yesu angamupeze. Woopsa ndi uja watseka pakamwa n'kumati zonse zili bwino.

Choncho mwana wanu akaimba foni, kapena inu mukakwera pachulu kufuna netiweki kuti mumuimbire, musayambe ndi kufunsa malikisi. Yambani monga anayambira mngelo kwa Eliya. Mufunseni kuti wadya chiyani lero, ndipo mudikire yankho lenileni. Mufunseni kuti akugona pati, ndi yani. Mufunseni kuti Lamulungu lapitali anapemphera kuti, ndipo akanena kuti sanapite musakalipe, funsani chifukwa chake. Mufunseni chimene chikumuvuta kwambiri mwezi uno. Akakufunsani za Mulungu zimene simungathe kuyankha, musachite mantha. Muuzeni kuti funso lako ndalimva, tiye tikafunse limodzi kwa abambo wansembe ukabwera patchuthi.

Ndipo mawu aja oti mudzi wonse ukuyang'ana iwe, tiyeni tiwachepetse. Timawanena mwachikondi, koma pamutu pa mwana wa zaka 19 amalemera kuposa thumba la feteleza. Pali mawu ena amene mwanayo akufuna kumva kuchokera pakamwa panu, ngakhale kamodzi: "Ukakhoza ndiwe mwana wathu, ukalephera ndiwe mwana wathu, pakhomo pano ndi pako." Mwana amene wamva mawu amenewa savutika kukana galimoto ya bambo uja. Ndipo mukamva mwana akunena kuti watopa ndi moyo, kapena kuti kuli bwino kulibe iye, musati ndi zachibwana, musatinso ndi ziwanda basi. Tumani wachibale amuone tsiku lomwelo, apite naye kuchipatala kapena kwa aphungu a pasukulupo, uku inu mukupemphera. Digiri ikhoza kudikira chaka china.

Chinanso chimene mungachite n'chapafupi. Mwana asananyamuke, pitani kwa wansembe kapena katekisiti wanu, alembe kalata yomupereka ku mpingo wa kumene akupita, ndipo muwaimbire a kumeneko kuwauza kuti mwana wathu akubwera. Ifenso a m'tauni tili ndi mlandu wathu. Ophunzira amalowa m'matchalitchi athu, amakhala kumbuyo, amatuluka popanda wowafunsa dzina. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Banja lililonse la mpingo litaitana wophunzira mmodzi kudzadya nsima Lamulungu masana, ana ambiri amene timati anatayika ndi sukulu bwenzi tili nawo.

Mwina mukufunsa kuti mwana uja zinamuthera bwanji. Kaloba uja tinabweza pang'onopang'ono, amayi a Mothers' Union atathandizapo. Tinamuimbira mlongo wathu n'kumuuza zoona zonse, ndipo analira, nati sankadziwa kuti mawu ake akulemera chotero. Phunziro lija analibwereza, nakhoza. Akadali pasukulu. Kwaya sanabwerere. Kutchalitchi amabwera, amakhala kumbuyo, ndipo masabata ena amapita kukalandira Mgonero, ena sapita. Mafunso ake sanathe. Lamulungu masana tikatha kudya amatulutsa limodzi, ife n'kutsegula Baibulo, iye n'kutsegula buku lake, n'kukambirana mpaka tiyi kuzizira. Masiku ena amatisiya tilibe chonena. Koma akufunsira m'nyumba, ndipo tikamati tipemphere amagwada nafe. Zotsalazo tazisiya m'manja mwa Iye amene anasunga Danieli ku Babulo kuyambira unyamata mpaka imvi.

Tipemphere.

Mulungu Atate wathu, mwini nzeru zonse, tikupereka kwa Inu ana athu amene ali m'makoleji ndi m'mayunivesite, muno mu Lusaka, ku Copperbelt, ku Chipata ndi kwina kulikonse. Amene agona ndi njala, apatseni chakudya kudzera m'manja mwathu. Amene alephera mayeso, achotsereni manyazi. Amene ali m'ngongole ndi amene akunyengereredwa, atsegulireni njira yotulukira. Amene akukayika, musawasiye, ndipo mutiphunzitse ife kuwamvetsera tisanawayankhe. Dalitsani aphunzitsi awo, okhulupirira ndi osakhulupirira omwe, kuti aphunzitse zoona ndi kulemekeza ana a anthu. Limbitsani makolo amene agulitsa zokolola zawo kuti mwana aphunzire, ndipo mudalitse minda yawo chaka chino. Tikupempha izi m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Madzulo ano, amene muli ndi mwana kusukulu, muimbireni. Ambuye akhale nanu mpaka tidzakumanenso sabata yamawa pa nthawi ngati yomweyi.